Chibayo Chochokera M'thanki ya Madzi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, a mpingo wathu uno ndi onse amene mudzamva mawuwa akuwerengedwa, ndikupatsani moni. Ndinadandaula koyamba za thanki ya madzi ya pa nyumba yathu yogona alendo Lolemba loyamba la mwezi wa Meyi chaka chatha. Ndinadandaulanso mu Juni, titangoika maliro a alonda athu. Kachitatu ndinadandaula mu Ogasiti, akazi anga ali chigonere m'chipatala. Makalata onsewo ndinalemba ndi kaboni ndipo makope ake ndili nawo. Palibe ngakhale imodzi imene inayankhidwa. Lero ndikufuna mumve mmene chibayo chinatsala pang'ono kunditengera Mayi Edina, akazi anga, ndi mmene Mulungu anawabwezera kwa ine kudzera mwa munthu amene sindinkamudziwa.

Ine ndinagwira ukalaliki pa siteshoni ya sitima ku Balaka kufikira pamene ndinapuma. Ntchito imeneyo inandizoloweza kulemba chilichonse ndi kusunga pepala lililonse, ndipo ena mumandiseka nazo. Sekani, koma mundimvere.

Kwa amene simunafikeko kuno, nyumba yogona alendoyo ili kuseri kwa tchalitchi. Mumagona alaliki ndi amayi a mpingo pakakhala misonkhano. Madzi amabwera ndi mapaipi, amakwera m'thanki yachitsulo imene ili pamwamba pa nsanamira, kenako amatsikira m'migolo iwiri yomangiridwa m'njerwa. Pansi pa migoloyo amasonkhapo moto kuti alendo asambe madzi ofunda a m'shawa. Tsiku lotsegulira madziwo kunabwera akuluakulu a chipani, amayi anavina, ndipo tonse tinaomba m'manja. Nanenso ndinaomba.

Misonkhano simachitika kawirikawiri. Ikatha, mabafa amakiyidwa kwa miyezi, madzi n'kumangokhala m'thanki ndi m'migolo, akuwombedwa ndi dzuwa la kuno limene mukulidziwa. Ndiponso komiti inalamula kuti poti nkhuni zikusowa, moto wa pa migolo uzikhala wochepa, madzi azingofunda basi. Msonkhano ukayandikira, munthu woyamba kulowa m'mabafamo anali Mayi Edina, chifukwa ndiwo ankakolopa. Ankatsegula mashawa onse nthawi imodzi kuti dzimbiri lichoke. Chitseko ankatseka, poti pokwecha pansi mzimayi amakwinya chitenje mpaka m'maondo, ndipo panjapo pamadutsa amuna. Mazenera a mabafawo ndi aang'ono ngati a khola la nkhunda. Iwo ankatuluka m'menemo tsitsi litanyowa ndi nkhungu ya madzi.

Kalata yanga yoyamba inali yofatsa. Ndinanena kuti chivundikiro cha thanki chadyeka, ndipo m'mashawa mukutuluka zinthu zoterera zofiirira. Za matenda sindinatchule, chifukwa sindinkadziwa kanthu. Patapita milungu yochepa, alonda athu anamwalira. Anali nkhalamba ya mafupa ophwanya, ndipo mabafa akatsegulidwa ankakonda kusamba m'menemo chifukwa cha madzi ofundawo. Anayamba kutentha thupi, kutsokomola, kubanika, ndipo sabata isanathe tinawaika. Tinamvanso kuti mlaliki wina amene anagona kuno pa msonkhano wa masiku amenewo anakafikira m'chipatala kwawo ndi matenda omwewo. Apa ndinalemba kalata yachiwiri, ndipo sinali yofatsa.

Komiti inaitana wa zaumoyo. Anatunga madzi m'botolo, anapita nawo, ndipo patapita nthawi kunabwera pepala lonena kuti m'madzimo mulibe tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba. A wapampando analiwerenga pamaso pa mpingo. Titatuluka anandikokera pambali pa mtengo wa mango, n'kundiuza motsitsa mawu kuti: "Madala, chibayo chimabwera ndi mphepo ya Juni, osati ndi madzi. Alipo anatsegula m'mimba? Ndiye mukumbukire amene anadzatsegula mipopi ija. Munthu akamanena kuti madzi a chitukuko akupha anthu, mukudziwa kumene amakagona." Sabata yomweyo anyamata awiri a chipani anabwera kunyumba kwanga kudzaona khadi langa la chipani, ngakhale ankadziwa bwino kuti ndili nalo. Anakhala pakhonde nthawi yaitali osanena chimene abwerera, kenako anapita.

Mu Ogasiti kunakonzedwa msonkhano wa alaliki. Ndinawapempha Mayi Edina kuti asalowe m'mabafamo. Anandiyankha kuti madzi aja samwa, amangokolopera, ndipo pepala la boma lanena kuti ndi abwino. Anati akakana, anthu anena kuti banja lathu likulimbana ndi komiti. Anapita, anakolopa, anabwera ali bwinobwino. Msonkhano usanathe anayamba kudandaula mutu ndi kuphwanya thupi. Tinaganiza kuti ndi malungo. Kenako chifuwa chinayamba, chouma, ndipo kupuma kunafupika mpaka sankatha kumaliza chiganizo.

Tinawatengera kuchipatala cha tsidya la Shire, chimene sinditchula dzina. Anawayeza n'kunena kuti ndi chibayo, ndipo anayamba kuwabaya penisilini. Anamwino aja sindiwadandaula, anachita zimene ankadziwa. Anawabaya mpaka malo obayapo anasowa, koma thupi linkangotenthabe ngati mbaula. Milomo inada. Nthiti zinkakwera ndi kutsika mofulumira moti ndinkaopa kuziyang'ana. Ndiyeno mutu unasokonezeka. Anasiya kuyankhula Chichewa, anayamba Chilomwe cha amayi awo chimene ine sindinawamvepo akuyankhula m'banja lathu lonse. Ankaitana anthu amene anamwalira kalekale, ndipo ine ndikawagwira dzanja ankandiyang'ana ngati mlendo wolowa m'nyumba osagogoda.

Abale, munthu amene wakhala naye kuyambira unyamata akakuyang'ana osakudziwa, mumtima mumachita mdima umene sindingathe kuufotokoza. Kalata yachitatu ndinailembera pa bondo, pakhonde la wodi. Ndinaituma, ndikudziwa kuti ikagwera pomwe zinagwera zinzake.

Lachisanu kunabwera alamu anga, mlongo wawo wa Mayi Edina, amene ndi mwini mbumba. Anawayang'ana alongo awo, anatuluka panja, n'kundiuza kuti Lolemba abwera ndi galimoto kudzawatenga. Anati munthu azikatsirizikira kwawo, pakati pa abale ake, ndipo kunyamula wodwala n'kosavuta kusiyana ndi kunyamula mtembo. Nditayamba kutsutsa, anandikumbutsa kuti ine ndine mkamwini, wobwera, ndipo mawu otsiriza pa mbumba yawo si anga. Sanalankhule mwachipongwe. Nawonso misozi inali m'maso. Koma ndinadziwa kuti akangowatulutsa m'chipatalamo, ulendo wa pa msewu wafumbi uja sakaumaliza.

Masana a tsiku lomwelo ndinapita kuseri kwa wodi, pamene amayanika zovala za odwala, ndipo ndinagwada pa dothi. Sindinapemphere pemphero laulemu ngati limene mumandimva ndikupemphera m'tchalitchi. Ndinati: "Ambuye, komiti sinandiyankhe, a wapampando sanandiyankhe. Kodi Inunso mundisunga pa mulu wa makalata osayankhidwa? Ngati mukuwatenga, atengeni, koma mundiuze chimene chikuwapha." Nditadzuka palibe chimene chinasintha. Dzuwa linali pomwepo, ndipo m'wodi munkamveka chifuwa chomwe chija.

Pachipatalapo pali chisakasa chimene odikirira odwala amaphikiramo. Ndinakakhala pamenepo, ndinatulutsa mapepala anga n'kumawasanja, chifukwa manja anga analibe china chochita. Pafupi nane panali bambo wina wovala kofia, Msilamu, akuwotcha nsomba zouma za makumba. Ndimutcha Che Saidi, ngakhale si dzina lake, chifukwa sindikufuna kumuika m'mavuto. Ndi wogulitsa nsomba wochokera ku Chiuta, ndipo anabwera kudzaona mng'ono wake amene anathyoka mwendo. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anandikankhira mbale n'kunena mwa ulemu wa kwawo kuti: "Ambuje, kuyambira dzulo ndikukuonani. Mapepalawo mumadyera mchere kapena tsabola?"

Ndinadya, ndipo podya ndinamufotokozera zonse, za thanki, za alonda, za pepala lonena kuti madzi ndi abwino. Sindikudziwa chimene chinandimasula pakamwa kwa munthu wachilendo m'masiku ano amene munthu amaopa ndi mnzake wa pa benchi la m'tchalitchi. Iye anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati madzi iye amawadziwa a m'nyanja okha, koma pali dokotala wina wachinyamata pachipatalapo amene amamugula nsomba, munthu wokonda kuwerenga. Anasamba m'manja n'kunditengera kunyumba kwa dokotalayo nthawi ya chakudya cha masana.

Dokotalayo anandifunsa mafunso amene wina aliyense sanandifunsepo. Sanafunse za madzi akumwa. Anafunsa ngati madziwo amakhala nthawi yaitali osayenda, ngati amakhala ofunda, ndiponso ngati amatuluka mowaza m'chipinda chotseka. Nditavomera zonsezo, anaika supuni pansi. Anati pa maphunziro ena anamva za matenda amene azindikiridwa posachedwapa kumaiko akunja. Pali tizilombo timene timaswana m'madzi ofunda ongokhala, makamaka m'zoterera za m'mapaipi. Munthu satitenga pomwa, koma popuma nkhungu ya madziwo, ndipo timakakhazikika m'mapapo. Penisilini satigwira. Kuyeza kumene anachita wa zaumoyo kunali koona, koma kunkafuna tizilombo ta m'mimba, ndipo mankhwala oyezera amenewo sangaone tizilombo ta mtundu uwu. Timafuna mankhwala ake oyezera, a m'timabotolo ting'onoting'ono tosungidwa mufiriji, ochokera kunja.

Ndinamufunsa kuti bwanji osangowapatsa akazi anga mankhwala oyenera. Anati pachipatalapo palibe, ndipo kuchipatala chachikulu sangawatulutse popanda umboni wa matendawo. Koma ku Blantyre kunali mayi wina wa mulabotale amene anaphunzira naye limodzi, ndipo mphunzitsi wina wochokera kunja anamusiyira timabotolo tochepa ta mankhwala oyezera aja. Ngati mankhwalawo sanathe mphamvu, mayiyo akanatha kuyeza makhololo a wodwala ndi zoterera za m'shawa. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti iye kalata yopempha zimenezi salemba. Pepala la boma linali litanena kale kuti madziwo ndi abwino, ndipo iye ali ndi ana aang'ono. Sindinamuweruze. Anandipatsa mabotolo awiri owiritsidwa ndi thonje lokulunga pa kamtengo, ndipo anandilangiza kumanga nsalu yonyowa pamphuno ndi pakamwa.

Makiyi a mabafa anali pa chingwe m'chiuno mwa Mayi Edina. Namwino anandimasulira. Loweruka ndinabwerera kuno, ndipo Lamulungu m'mawa, kwa nthawi yoyamba chiyambire kukhala mkulu wa mpingo, mpando wanga unali wopanda munthu. Ena munaona ndipo munafunsana. Tsopano dziwani kumene ndinali. Pamene munkaimba nyimbo yotsegulira mapemphero, ine ndinali m'bafa, nditakwera pa ndowa yovundikira, ndikumasula mutu wa shawa. M'kati mwake munali zoterera zochindikala. Ndinazipala ndi thonje lija, ndinatunganso madzi a pansi pa mgolo. Ndinasankha nthawi imeneyo chifukwa ndinadziwa kuti komiti yonse ili m'tchalitchi. Ndinalowa ngati wakuba m'nyumba imene njerwa zake ndinaumba nawo.

Nditabwerera kuchipatala, panatsala vuto la kukafikitsa mabotolowo ku Blantyre asanatenthedwe. Ine sindikanapita. Dzina langa linali kale m'kamwa mwa anthu, ndipo pa rodibuloko munthu wonyamula mabotolo a madzi akanafunsidwa zambiri. Che Saidi anati lole ya nsomba yochokera ku Nselema idutsa Lolemba m'mamawa, ndipo madengu ake alimo, iyenso apita nayo. Anatenga mphika wadothi, anathiramo mchenga wonyowa, anakwiriramo mabotolo anga pamodzi ndi kabotolo ka makhololo kamene dokotala uja anatenga m'mawa womwewo. Mphikawo anauika pansi penipeni pa dengu la matemba. Anati palibe munthu wovala yunifolomu yochapa amene amalowetsa mkono mpaka pansi pa matemba. Ndinamufunsa chifukwa chimene akudziikira pangozi chifukwa cha Mkhristu amene wangomudziwa Lachisanu lapitali. Anangoti Mulungu akalola abwera mawa, ndipo ndimuonere mng'ono wake asasowe madzi akumwa.

Lole itangonyamuka, alamu anga anafika ndi galimoto imene anabwereka. Anabwera ndi amayi awiri a kwawo, atanyamula mphasa ndi bulangeti. Ndinaima pakhomo pa wodi. Ine ndine wamkulu kwa alamu angawo ndi zaka zambiri, koma ndinagwada pamaso pawo, anthu akuona, ndipo ndinawagwira miyendo. Sindinathe kuwauza za mabotolo, poti pakhondepo panali makutu ambiri. Ndinangopempha kuti andipatse mpaka mawa. Anachita manyazi, anandidzutsa, n'kunena kuti mawa dzuwa likapendeka adzawatenga, kaya ndigwade kaya ndigone pansi.

Tsiku limenelo Mayi Edina anasiya ngakhale Chilomwe chija. Ankangotsegula pakamwa kufunafuna mpweya. Abusa anabwera, ndipo pemphero limene anapemphera linali la munthu amene akupita. Amayi aja anayamba kulira motsitsa. Lachiwiri m'mawa ndinakhala pa mwala wa pa geti, ndikuyang'ana lole iliyonse. Dzuwa linafika pamutu. Linayamba kupendeka. Ndinaona alamu anga akuyala mphasa kumbuyo kwa galimoto.

Che Saidi anatsika m'basi, osati m'lole, ali mbuu ndi fumbi, madengu ake atawasiya kwa mnzake ku msika nsomba zisanathe. Anandipitirira osaima, analunjika kwa dokotala uja, n'kutulutsa m'thumba la mkanjo wake botolo la mapiritsi. Pambuyo pake ndi pamene anandifotokozera. Mayi wa mulabotale uja anapaka makhololo pa kagalasi, zoterera zija pa kagalasi kena, n'kudonthezera mankhwala a m'kabotolo kochokera mufiriji. Atadikira, anaika magalasiwo pa makina oonera tizilombo m'chipinda chamdima, ndipo anamulola iyenso kusuzumira. Anati anaona timitengo ting'onoting'ono tikuwala mobiriwira ngati ziphaniphani, pa galasi la wodwala ndi pa galasi la shawa, tofanana ndendende. Mayiyo anapakanso zina pa timbale ta chakudya chakuda chosakaniza ndi makala, chimene tizilomboti timamerapo, kuti adzatsimikize. Kenako anapita yekha kwa dokotala wamkulu, ndipo anatuluka ndi mapiritsiwo.

Ine, mwa chizolowezi changa, ndinafunsa kuti pepala la zotsatira lili kuti. Che Saidi anati mayiyo wakana kulemba, poti mabotolowo sanalowe pa khomo loyenera. Ndinayamba kunena kuti popanda pepala komiti sidzakhulupirira. Iye anandigwira paphewa nati: "Ambuje, mukufuna pepala kapena mukufuna akazi anu?"

Dokotala uja anakamba ndi alamu anga, ndipo mphasa ija inatsitsidwa. Mapiritsi oyamba anachita kuwasinja n'kuwamwetsa ndi supuni, madzi ambiri akutayikira m'khosi. Sindikunamizani kuti anadzuka nthawi yomweyo. Tsiku lotsatira sindinaone kusintha, ndipo ndinabwereranso kuseri kwa wodi kukagwada. Koma pang'onopang'ono thupi linayamba kuzizira, nthiti zinayamba kuyenda mofatsa. M'mawa wina ndikuwapukuta kumaso anatsegula maso, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena m'Chichewa, ndi mawu ofooka: "Bambo, malaya amenewo mwavala kuyambira liti? Mukundichititsa manyazi." Ndinatuluka panja n'kulira ngati mwana. Patapita masiku, uthenga wapakamwa unabwera kuti pa timbale takuda tija tizilombo tamera.

Lero Mayi Edina ali pakati panu. Akakwera chitunda amapumira m'njira, ndipo khasu sanayambe kuligwira, koma ali moyo. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya ndipo sanalitaye. Ndikuthokoza dokotala uja, mayi wa mulabotale amene sindinamuonepo nkhope, ndi alamu anga amene anatsitsa mphasa. Che Saidi ndinamuonanso kamodzi kokha pa msika wa ku Balaka, ndipo nditayamba kumuthokoza anandifunsa ngati masiku ano ndimadya. Inu amene muli ndi wodwala ndipo aliyense wakuuzani kuti zatha, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu lituluke lokhota ngati langa. Musanyozenso munthu amene wakhala pafupi nanu chifukwa amapemphera mosiyana ndi inu.

Koma sindingatseke umboni uwu ndi Ameni, nkhani ili poyera. Thanki ija ili momwe inalili. Nditafotokozera komiti pakamwa, anandifunsa pepala, ndipo ndilibe. Timabotolo ta mayi uja tinatha, koma anatumiza mawu kuti mpingo utapempha mwa dongosolo kudzera ku ofesi ya zaumoyo, mankhwala ena oyezera akhoza kuitanitsidwa. Sindikunyoza chitukuko, ndipo aliyense amene akapereke mawu anga kwina akawapereke onse. Mwezi wamawa kuli msonkhano wa amayi. Ndamva kuti poti Mayi Edina ndi ofooka, komiti yasankha mtsikana wina wa m'mudzi mwathu, amene ali ndi mwana woyamwa, kuti akakolope mabafawo.

Choncho, pamaso pa mpingo wonse, ine mkulu wa mpingo uno ndikupempha a wapampando ndi komiti yawo motere. Mabafawo akhale okiya, ndipo munthu aliyense asatumidwe kulowamo. Komiti ilembe kalata yopempha kuti madzi a m'thanki, a m'migolo ndi a m'mashawa ayezedwe ndi mankhwala oyezera tizilombo ta chibayo, osati ta m'mimba tokha. Thanki ikhuthulidwe, itsukidwe, ivundikiridwe, ndipo lamulo la moto wochepa lichotsedwe kuti madzi azitentha kwenikweni. Ndikupempha mwaulemu kuti nkhaniyi iyankhidwe molemba, ndipo yankholo liwerengedwe m'tchalitchi muno msonkhano wa amayi usanafike.